Mchere wa Nambewe

Maganizo opita ku Joni adandibwerera tsiku limene ndidayala matebulo khumi ndi awiri pa loji ina ku Senga Bay, n'kuwayalulanso onse popanda ndi mmodzi yemwe wokhalapo. Alendo adali atasiya kubwera. Abwana adayamba kutiuza kuti tizibwera masiku atatu pa sabata, kenaka awiri, kenaka adangoti atiimbira. Ine mtima wanga ndi wapachala, kudikira foni ya munthu sindikutha. Ndidagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri, n'kuuza mkazi wanga Nambewe kuti ndikupita.

Nambewe ndidamutenga ku Chitala mwa chitengwa, n'kumukhazika pamudzi pathu pafupi ndi Khombedza, khomo lake loyang'anizana ndi la amayi anga. Pamene ndimachoka n'kuti tili ndi mwana mmodzi, Tadala, akuyamba kumene kuyenda. Nambewe sadalire. Adandikazingira mtedza, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Minibasi itaima adangoti, "Abambo a Tadala, muziyankhula. Ndalama zikasowa zisowe, koma muziyankhula."

Ndipo ndinkayankhuladi, kuyankhula kwake kwa munthu wa ku Joni. Ndidapeza ntchito yotsuka mapoto pa malo ena odyera, pambuyo pake adandikweza n'kundiika pootcha nyama. Ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi mnzanga wa ku Nkhotakota, Sitivini, pakati titatchinga ndi nsalu. Lamlungu tinkavala bwino, n'kukajambulitsa titatsamira galimoto za eni ake. Zithunzizo zinkapita kumudzi pamodzi ndi mavoisi a chiseko chokhachokha. Zoti mwezi wathunthu umatha popanda munthu wonditchula dzina langa lenileni, zoti nthawi zina ndinkamvera voisi imodzi ya Nambewe kasanu ndili m'chimbudzi cha kuntchito, zimenezo sizinkapita. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Nyumba idalowa malata, Tadala adayamba sukulu ya mkaka, amayi adayamba kuyenda monyada popita kutchalitchi.

M'chaka chachitatu ndidayamba kukodza magazi. Ife a kunyanja mkodzo wofiira sutiopsa. Tidakula nawo, tonse tinkadziwa kuti ndi likodzo, ndipo ena ankati ndiko kukula kwa mwamuna. Ndiye ndidangoyang'ana, n'kutsira madzi, n'kubwerera pa nyama yanga. Miyezi idapita. Tsiku lina ndikunyamula thumba la makala, m'nthiti mwa kumanja mudandibaya mpaka ndidagwada pansi, thukuta lili kamukamu. Sitivini ndiye adanditengera kuchipatala.

Adandijambula m'mimba ndi makina aja olowamo wathunthu. Dokotala wake adali mayi wa imvi, wosathamanga poyankhula. Adatenga pepala n'kujambulapo impso ziwiri, ina yaikulu, ina ngati kambewu ka nyemba.

"Yakumanzereyi idafota kalekale," adatero. "Likodzo lidatseka njira yake muli mwana, ndipo palibe chomwe ikugwira. Moyo wanu wonse mwakhala mukuyendera yakumanjayi. Tsono chotupa chamera mmenemo, ndiponso chakhala poipa, pakatikati, pamene pamalowera mitsempha ya magazi. Mukadakhala ndi ina yabwino, tikadangochotsa yonseyi n'kukutumizani kunyumba. Koma inu mulibe ina."

Adandifotokozera kuti adzachita kusema, monga mmene timachotsera pofumbwa pa mbatata kuti potsalapo tidye. Pochita zimenezo adzayamba atsina mtsempha kuti magazi asalowe, ndipo nthawi yonse imene impso ili yopanda magazi amakhala akuwerenga mphindi, chifukwa ikachulukitsa, mnofu wabwino womwe umayamba kufa. Ndidamufunsa ngati ndidzadzuke. Iye adati kudzuka ndidzadzuka, funso lake ndi lakuti chidzatsalecho chidzakwanitsa kusefa magazi a munthu wamkulu kwa zaka zingati.

Kumudzi sindidanene. Ndikudziwa kuti apa ndi pamene owerenga andinene kuti ndine chitsiru, ndipo sindikana. Koma kwathu kudali munthu wina amene adabwera kuchokera ku Joni ndi chipsera pamimba, chaka chomwecho n'kugula minibasi. Mpaka lero anthu amati adagulitsa impso, ena amati adaipereka kuti akhwime. Ana ake amawanena kusukulu, ndipo minibasiyo itachita ngozi palibe adadabwa. Ine nditangofolera nyumba ndi malata, ndikadanena kuti andidula impso, ndani akadamva za chotupa? Ndidatumiza voisi yoti foni yawonongeka, ndikhala chete masabata awiri. Ndidaijambula kanayi kuti mawu asamveke kunjenjemera.

Opaleshoni idatheka. Chotupacho chidali khansa, koma adati achichotsa chonse ndipo sichidafalikire. Chomwe chidatsala ndi chopitirira pang'ono theka la impso imodzi. Munthu wa ndevu ngati ine, wonyamula thumba la makala ndi dzanja limodzi, ndikukhalira moyo kachidutswa koti mwana angakabise m'chikhatho. Sabata yoyamba kadachita ulesi, madokotala akubwera m'mawa uliwonse kudzayang'ana thumba la mkodzo ngati alimi oyang'ana mitambo. Kenaka kadayamba kugwira ntchito. Pondituluka, dokotala uja adandipatsa khadi lolembapo nambala ina ya m'magazi, yosonyeza mmene kachidutswako kakusefera.

"Nambala iyi ndiye chuma chanu," adatero. "Muziyezetsa miyezi itatu iliyonse. Ikatsika kwambiri sikweranso. Mchere muusiye, mapilisi opha ululu ogula mwachisawawa muwasiye, mankhwala azitsamba musawayerekeze n'komwe. Muzimwa madzi. Mukaona mapazi kapena nkhope zikutupa, musadikire mawa."

Pamoto paja sindikadathanso kuimapo tsiku lonse, ndipo malo anga adali atapatsa wina. Ndidayesa maganyu a m'maluwa kwa miyezi ingapo, ndalama zotumiza zikucheperachepera. Komanso ndidali nditaona mitembo ya anzathu ikukhala mwezi mufiriji anthu akusonkha ya thiransipoti. Ndidachita mantha, ndinene mosabisa. Ndidafuna kuti ngati n'kufa, ndikafere kumene anthu amadziwa dzina la agogo anga. Ndidamanga zikwama, khadi lija ndidalisokerera mkati mwa jekete.

Ndidatsika pa Khombedza dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala, fumbi lili koboo. Anthu adandilandira ngati ndabwera ndi ndege. Amayi adavina, Tadala adandithawa, Nambewe adagwada n'kundipatsa moni ngati mlendo, koma maso ake akuseka. Amalume anga, amene amapha nsomba ku Mbenji nyengo ikatsegulidwa, adabweretsa utaka wouma wodzaza lichero. Adapha nkhuku. Nditangolawa msuzi, lilime langa lomwe lidali litaiwala mchere lidachita kuluma. Ndidadya pang'ono, n'kunamizira kutopa.

Chipseracho n'chachitali, chimayambira m'nthiti mpaka kufupi ndi mchombo. Kuti Nambewe asachione, ndinkasamba ndekha nditakhoma chitseko cha bafa, ndinkagona ndi malaya m'kutentha konse kuja, nditayang'ana kukhoma. Mkazi amene adandidikira zaka zinayi sindidamukhudze ngakhale phewa. Ndinkadziuza kuti ndimuuza mawa, ndikapeza poyambira.

Tsiku lachitatu ndidamupeza akusenda tomato kuseri kwa nyumba, ndipo ndidayankhula mopepuka, ngati munthu wopempha madzi akumwa.

"Amake Tadala, ndiwo zanga muzipatula musanathire mchere."

Mpeni udaima. Adandiyang'ana, kenaka adangoti, "Chabwino."

Zaka zinayi za ku Joni zidandiiwalitsa chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa. Kwathu mchere si wokometsera ndiwo pokha. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, amatuma mwana. Ndipo mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake n'kudya, amati mwamunayo amadwala tsempho: amatupa mapazi, amatupa nkhope, mapeto ake amafa. Tsono mwamuna wochokera kuulendo, wosakhudza mkazi wake, n'kukananso mchere wa mkaziyo, wanena chiyani? Wanena zonse, ngakhale asatsegule pakamwa.

Amayi adaona timapoto tiwiri pamoto tsiku lomwelo. Sadandifunse ine, adayamba kufunsa anthu. Pasanathe sabata, nkhani idali itafika pamjigo ndi kuchigayo. Anthu adayamba kukumbukira zinthu: wa kabaza wina amene ankamunyamulira chimanga, tsiku lina limene adachedwa kuchokera ku Chitala, nsalu yatsopano imene palibe adaona akugula. Amayi a kutchalitchi adasiya kumudzera popita kokaimba. Ine ndinkaona kuti pamudzi pazizira, koma ndinkayesa kuti anthu akhumudwa poti ndabwera ndi zikwama ziwiri zokha.

Nambewe adandipeza masana ena ndili pansi pa mtengo wa mango. Sadagwade. Adaima chiimire, manja ali m'chiuno, chinthu chimene ndidali ndisadamuonepo akuchita.

"Ngati mwamva kanthu, nenani. Ndani wakuuzani? Zaka zinayi ndakhala pano amayi anu akuwerenga mapazi pakhomo panga m'mawa uliwonse. Sanapezepo la munthu. Lero inu mwabwera kudzandivula pagulu?"

Ndipamene ndidazindikira chimene ndidachita. Ndidamuuza kuti sindikumuganizira chilichonse, kuti ku Joni ndidangozolowera kudya zopanda mchere.

"Ndiye ngati mulibe nane chifukwa, mudye mchere wanga. Mudye pakhonde, amayi anu akuona."

Apa ndi pamene ndikadakweza malaya. Ndimabwerera pamenepa tsiku lililonse. Koma ndidaona nkhope ya munthu wa minibasi uja, ndidaona Tadala akunenedwa kusukulu, ndipo ndidadziuza kuti kamchere ka masabata awiri sikangaphe munthu, nkhani ikazizira ndidzapeza njira. Ndidadya. Ndidadya pakhonde, utaka wa amalume, msuzi wake wochita kuwawa, amayi atakhala pakhomo pawo akusankha nyemba koma maso ali kuno. Masabata awiri adasanduka asanu. Nthawi yoyezetsa magazi idakwana n'kupitirira, poti kupita kuchipatala kukadafuna kufotokoza.

Choyamba kukana zidali nsapato zanga za ku Joni. Ndidati mwina ndi kutentha. Kenaka mutu udayamba kugunda kumbuyo, ndipo m'mawa wina ndidadzuka zikope zitalemera, nkhope ili ngati ya munthu wolumidwa ndi njuchi. Ndidatuluka panja nditavala masilipasi. Amayi adali akusesa. Adayang'ana mapazi anga, tsache lidagwa.

"Mayo ine, mwana wanga! Wamudula ndi mchere! Ndimanena ine!"

Ine ndinkadziwa chimene chikutupitsa mapaziwo, ndipo mantha ake sindingawafotokoze. Koma pamudzi nkhani idali itatha kale. Mwamuna adakana mchere, adamukakamiza, wadya, watupa. Umboni wina ungafunikenso wotani? Adatumiza uthenga ku Chitala kuti ankhoswe a Nambewe abwere. Amalume adapita kwa munthu wina wa zitsamba kumtunda, n'kubwera ndi botolo la mizu yoviika, madzi ake akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

"Imwa, mphwanga. Katatu pa tsiku. Tsempho sachedwa nalo."

Mawu a dokotala wa imvi uja ndinkawamva bwinobwino m'mutu. Koma amalume adaimirira pomwepo, amayi akulira, anthu atadzaza pabwalo. Ndidaganiza mopusa kuti ndikamwa, mitima ikhala pansi, ndipo Nambewe amusiya. Ndidamwa masiku atatu. Tsiku loyamba ndidasanza, iwo adati matenda akutuluka. Tsiku lachiwiri m'kamwa munkamveka ngati ndamwa madzi a m'chitini cha dzimbiri. Tsiku lachitatu ndidapita kokodza kamodzi kokha, ndipo zomwe zidatuluka sizikadadzaza kapu ya tiyi.

Ankhoswe adafika m'mawa wa tsiku lachinayi. Tidakhala pansi pa mango paja, ine pampando, mapazi atawasanjika pa mtondo wogoneka kuti aliyense awaone. Nambewe adakhala pamphasa yekha. Katundu wake adali atamanga kale m'nsalu ziwiri, zili pakhonde. Mlongo wake, amene ndi nkhoswe yake, adali atazyolika.

"Ife sitikufuna zambiri," adatero amalume. "Angotchula dzina la mwamunayo, kuti mankhwala agwire. Akapanda kutchula, munthuyu atifera m'manja."

"Ndilibe dzina loti nditchule," adatero Nambewe. Mawu ake adali ouma, maso ali pa ine. "Afunseni eni akewo. Abambo a Tadala, ndinakulakwirani chiyani ine?"

Ndidaimirira movutika, dziko likuzungulira. Ndidamasula mabatani, n'kuvula malaya. Chipseracho chidali chikadali chofiirira, timabowo ta ulusi tikuoneka mbali zonse. Ndidafotokoza zonse, za chotupa, za impso yofota, za kachidutswa, za mchere ndi zitsamba. Ndidayankhula nthawi yaitali, misozi ikutsika, ine amene sindidalire pamaliro a bambo anga. Nditamaliza, amalume adayandikira, adayang'anitsitsa chipseracho, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Anakupatsa zingati?"

Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadawagenda ndi mtondo uja. Koma Nambewe adali ataimirira kale. Adalowa m'nyumba, ndidamuuza pamene padali khadi, adang'amba jekete ndi mano. Adatuma mlongo wake kukaitana njinga yamoto, ndipo pasanathe ola tidali pamsewu kudikira minibasi ya ku Salima. Njira yonse sadandiyankhule.

Ku Salima adangondiona n'kutitumiza ku Lilongwe. Kumeneko dokotala wachinyamata adaika khadi langa la ku Joni pambali pa pepala la magazi atsopano. Nambala ija idali itagwa kwambiri. Adandigoneka masiku khumi ndi awiri. Madzi adaphwa, mkodzo udabwerera, nambala idakwerako, koma idaima patali ndi pomwe idali.

"Pamene yaimapa ndi pomwe tiyambire tsopano," adatero. "Zomwe zapita zapita. Impso yodulidwa ilibe posungira mphamvu, bambo. Munthu wa impso ziwiri akadamwa botolo lomwelo mwina akadangotsegula m'mimba. Inu mukadzatupanso chonchi, tidzakamba za makina otsuka magazi, kawiri pa sabata, kuno ku Lilongwe, ndipo odikira makinawo ndi ambiri."

Nambewe adamufunsa dokotalayo mafunso ambiri kuposa ine: ndiwo ziti, madzi ochuluka bwanji, chizindikiro choyamba n'chiyani. Adayankhula nane tili m'minibasi yobwerera, titadutsa kale mapiri, kutentha kwa kunyanja kutayamba kulowa pawindo.

"Mukudziwa kuti ndinkathira dala wambiri?" adatero, akuyang'ana kunja. "Ndinkathira kawiri. Ndinkafuna kuti ngakhale amayi anu akalawa amve kuti ndathira ine, ndipo simunafe. Inu n'kumadya, n'kumanditembenuzira mbale kuti ndionjezere. Mwandigwiritsa ntchito yokuphani ndi dzanja langa, abambo a Tadala. Chigololo chimene amandinenera chija chikanandipepukira."



Nambewe sadachoke. Adamasula nsalu zake ziwiri zija, ndipo pano timadya tonse ndiwo zopanda mchere, za tomato ndi anyezi wambiri. Ndimalima pang'ono m'mawa dzuwa lisanakwere, ndimayenda ndi botolo la madzi ngati mzungu. Miyezi itatu iliyonse timapita kukayezetsa, ndipo nambala ija ikutsika pang'onopang'ono, osathamanga koma osabwerera. Dokotala amati tikasamala tikhoza kukankha zaka.

Ku Joni anthu osandidziwa adaona m'kati mwa thupi langa, n'kundiuza zoona. Ndidathawira kwathu poganiza kuti kuno ndiye amandidziwa. Amandidziwadi, koma chimene adziwa kale sasintha. Theka la mudzi limati ndidagulitsa impso ndipo malata aja ndi a magazi. Zimenezo ndazolowera, ndimawapatsa moni. Theka linalo ndi limene limandisowetsa mtendere. Iwo amati opaleshoni ndi opaleshoni, sakutsutsa, koma munthuyu adatsika minibasi ali bwinobwino, ndipo adatupa atadya mchere wa ndani? Amayi anga adapepesa kwa ankhoswe ndi nkhuku, koma mpaka lero Nambewe akawapatsa ndiwo, amazilandira ndi manja awiri, n'kukapatsa galu kuseri.

Mwezi wathawu tikuchokera koyezetsa, Nambewe adandigulira kope ndi cholembera pa Khombedza. Ndidamufunsa kuti n'zachiyani.

"Adokotala anena kuti impsoyo ikadzatopa mudzatupa," adatero. "Mudzatupa mapazi, mudzatupa nkhope, anthu onse akuona. Tsiku la maliro anu inu simudzakhalapo kuti muvulenso malaya. Ndidzatsala ndekha ndi Tadala pamudzi pa eni. Ndiye mulembe zonse mmene zinayendera, musaine, adzawerenge anthu asanabalalike kumanda."

Ndalemba, ndipo ndi zimene mwawerengazi. Ndakopera kawiri. Kope limodzi lili m'Baibulo lake, linalo watumiza ku Chitala kwa mlongo wake kuti adzabwere nalo m'thumba, chifukwa wowerenga mbiri ya womwalira pamaliro a pamudzi pathu ndi amalume aja, ndipo izi sangaziwerenge.